Kompyuta ndi yanu, nanga VPN ikukaniranji kuzima?

Pali vuto lina la pa kompyuta limene anthu amachita manyazi kulitchula chifukwa limamveka ngati lachibwana: VPN yakana kuzima. Munthu wadina batani lolembedwa kuti Disconnect, kachizindikiro kazungulira pang'ono, kenako kabwerera pomwe kanali n'kulembanso kuti Connected. Wina watseka pulogalamu yonse, koma masamba a pa intaneti akumuonabe ngati ali ku Amsterdam. Kwa wina ndiye zafika poipa: VPN yazima ndithu, koma yapita ndi intaneti yomwe, moti ngakhale Wi-Fi ikuonetsa kuti ili bwinobwino, palibe tsamba limene likutseguka. Malangizo amene amamveka kawirikawiri ndi omwe aja: zimitsani kompyuta muyatsenso, chotsani pulogalamuyo muiikenso, zikakanika pitani nayo kwa okonza akaifomate. Ine ndikuti malangizo amenewa amakanda pamene sipakuyabwa. Nthawi zambiri VPN yokana kuzima imakhala isanawonongeke. Imakhala ikumvera lamulo limene wina anaipatsa, ndipo cholakwika n'chakuti mwini kompyuta sauzidwa kuti lamulolo anaika ndani, lili pati, nanga angalichotse bwanji. Opanga mapulogalamuwa ali nafe ngongole ya batani lozimitsira limene limachita zimene lalemba, kapena likalephera, limanena chifukwa chake.

Chimene timaona pa sikirini, chokhala ndi mapu ndi mbendera za mayiko chija, ndi nkhope chabe ya pulogalamu. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi gawo lina loyenda kuseri, lokhala ndi mphamvu zonse za woyang'anira kompyuta, limene pa Windows amalitcha service ndipo pa Mac ndi Linux amati daemon. Mukadina kuti ilumikize, gawo limeneli limakhudza malo angapo nthawi imodzi. Limayatsa adapter yongoyerekezera, monga TAP-Windows imene OpenVPN yagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, kapena Wintun yochokera kwa opanga WireGuard. Limasintha mndandanda wa njira zimene deta imadzera. OpenVPN mwachitsanzo imawonjezera njira ziwiri, 0.0.0.0/1 ndi 128.0.0.0/1, zimene pamodzi zimakuta maadiresi onse a IPv4 n'kugonjetsa njira yanthawi zonse yodzera pa rauta yanu. Limasinthanso DNS, kumene kompyuta imakafunsa adiresi ya tsamba lililonse limene mwalemba dzina lake. Pomaliza limaika malamulo otsekera deta iliyonse yofuna kutuluka mozemba. Kutseka windo la pulogalamu kuli ngati kuuza kalaliki wa pa kauntala kuti aweruke, pamene mlonda amene ali ndi makiyi a geti sanauzidwe kanthu.

Choncho kuzimitsa VPN si chinthu chimodzi ayi, koma kubwezeretsa zonsezi mmene zinalili, ndipo chilichonse chimene chatsalira chimabweretsa matenda akeake. Taganizirani za kompyuta ya pa desiki yopanda UPS (batire losungira magetsi), imene magetsi azima VPN ili mkati mogwira ntchito. Pulogalamu sinapeze mpata wokonza pamene inasokoneza. Magetsi akayaka, kompyuta ikhoza kudzuka ikufunsabe maadiresi ku DNS ya VPN, imene kawirikawiri imakhala pa adiresi yamkati yoyamba ndi 10, yomwe siipezeka kunja kwa VPN. Mwini wake amangoona kuti intaneti yafa. Koma akatsegula Command Prompt n'kulemba kuti ping 8.8.8.8, mayankho amabwera bwinobwino. Akalemba ping google.com, kompyuta imati dzinalo siikulidziwa. Msewu ulipo, chasowa ndi wolozera njira. Kukonza kwake n'kwa mphindi ziwiri: kutsegula zokhudza adapter ya Wi-Fi kapena ya waya, kupita pa IPv4, n'kubwezera DNS kuti izipezeka yokha. Pa Linux vuto lomweli limabisala mu fayilo ya /etc/resolv.conf. Funso langa n'lakuti: pulogalamu imene inasintha zimenezi ikudziwa bwino chimene inasintha, nanga n'chifukwa chiyani ikadzuka siiuza munthu kuti pali zimene inasiya panjira?

Tiyeneranso kuvomereza kuti mawu oti Connected ndi Disconnected ndi zonena za pulogalamu basi, si umboni. WireGuard, imene Jason Donenfeld anailemba ndipo inalowa mu Linux 5.6 mu Malichi 2020, ilibe n'komwe mwambo wotsanzikana ndi seva. Adapter yake ikakhalapo imatumiza deta, ikachotsedwa nkhani yatha. Mawu a pa sikirini amaikidwapo ndi opanga nkhope ija pongoyerekeza. Mu Meyi 2024 akatswiri a kampani ya Leviathan Security Group anaonetsa njira imene anaitcha TunnelVision, mmene munthu woyendetsa netiweki angagwiritsire ntchito DHCP option 121 kupatutsa deta kuti idzere kunja kwa VPN, pulogalamu ikuonetsabe kuti zonse zili m'chimake. Ngati chizindikiro chingathe kunena kuti mwatetezedwa pamene muli pambalambanda, chingathenso kunena kuti mwatuluka pamene mudakali momwemo. Amene akufuna zoona atsegule tsamba lililonse loonetsa adiresi yake ya IP aone dziko limene likutchulidwa, kapena alembe route print pa Windows aone kumene deta ikulowera.

Koma zimene ndafotokozazi ndi ngozi, ndipo ngozi ndi mbali yaing'ono ya nkhaniyi. Mbali yaikulu ndi yadala. Mapulogalamu ambiri ali ndi auto-connect, imene imalumikizanso VPN kompyuta ikayaka kapena ikalowa pa netiweki yachilendo. Ali ndi kill switch, imene imadula intaneti yonse VPN ikaduka. Ena ali ndi kill switch yokhwima kwambiri: Mullvad amaitcha Lockdown mode, Proton VPN amaitcha Advanced kill switch, ndipo imeneyi imatseka intaneti ngakhale mwazimitsa VPN mwadala, ngakhale mwazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Pa Mac pali Connect On Demand, imene imadzutsa VPN pulogalamu ina iliyonse ikangofuna intaneti, moti munthu amazimitsa, n'kuona yayakanso asanachotse dzanja pa mawusi. Apa ndi pamene malangizo otchuka aja oti mupite mu Task Manager mukaiphe pulogalamuyo amabwezera zinthu m'mbuyo. Kill switch inapangidwira nthawi ngati imeneyo. Kwa iyo, pulogalamu yofa mwadzidzidzi ndi chizindikiro cha ngozi, ndiye imamanga zitseko zonse. Komanso Windows imatha kudzutsanso service imene yagwa ngati opanga anaiuza kutero. Munthu amatsala akulimbana ndi chinthu chimene chikugwira ntchito yake molondola.

Ndondomeko yanzeru imayambira pa funso loti ndani walamula kuti ikhale yolumikiza. Poyamba muyenera kulowa mu settings za pulogalamu yomweyo, kuzimitsa auto-connect ndi kill switch, kenako n'kudina Disconnect. Zikakanika, pa Windows mumalemba services.msc, n'kupeza service ya dzina la VPN yanu, n'kuiimitsa, kenako mumalemba ncpa.cpl kuti muone ma adapter onse n'kuzimitsa yongoyerekezera ija. Ngati ndi VPN yobwera ndi Windows yomwe, rasdial /disconnect imaidula. Pa Mac mumapita ku System Settings, gawo la VPN, kukazimitsa Connect On Demand, n'kuonanso ngati pali profile imene inaikidwa. Pa Linux pali wg-quick down kapena nmcli connection down. Mukatero mumaona DNS, mumaona proxy, mumaona ngati mu browser mulibe kapulogalamu kena ka VPN kodziimira pakokha, ndiponso ngati antivirus yanu sinabwere ndi VPN yakeyake imene ikulimbirana njira ndi inzake. Network reset ya Windows ibwere kumapeto, chifukwa imachotsa ma adapter onse n'kuiwalitsa kompyuta mapasiwedi a Wi-Fi. Ndipo pali msampha wina woseketsa ukakhala kuti wagwera mnzako: munthu akachotsa pulogalamu kill switch yokhwima ili yoyaka, malamulo otsekera aja amatha kutsalira, ndipo njira yapafupi yowachotsera ndi kuiikanso pulogalamu yomweyo, imene sangaidawunilode chifukwa intaneti yatsekedwa. Amayenera kuikoka pa foni n'kuisamutsa pa waya kapena pa fulashi. Kutalika kwa ndime imeneyi ndiko dandaulo langa. Chinthu chimene chimayaka ndi batani limodzi sichiyenera kufuna malo asanu ndi awiri kuti chizime.

Oikira kumbuyo mapulogalamuwa ali ndi yankho lamphamvu, ndipo siliyenera kupeputsidwa. Iwo amati kuuma khosi kumeneku ndiko chitetezo. Mtolankhani amene akulankhula ndi womutsina khutu, kapena munthu wokhala m'dziko limene boma limatchera khutu pa intaneti, akhoza kuululika ndi sekondi imodzi imene VPN yaduka iye osadziwa. Zimenezi si zakutali. Anthu ambiri ku Zambia anathamangira ku VPN pamene WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa pa tsiku la chisankho mu Ogasiti 2021, ndipo ku Mozambique zinachitikanso pa zionetsero zotsatira chisankho cha 2024. Kwa munthu amene moyo wake ungakhale pa chiswe, n'kwabwino kusowa intaneti kusiyana ndi kuonekera. Ndikuvomereza zonsezi. Koma pali kusiyana pakati pa VPN yoduka mwangozi ndi VPN imene mwini wake wanena ndi dzanja lake kuti izime. Pa choyambacho, kutseka zonse n'koyenera. Pa chachiwiricho, pulogalamu ikhoza kufunsa kamodzi ngati munthu watsimikiza, n'kumvera. Ndipo kwa amene anasankha yekha kuti zitseko zizikhala zomanga nthawi zonse, chofunika ndi uthenga woonekera woti intaneti yatsekedwa ndi pulogalamu yakuti, chifukwa cha lamulo lakuti, ndipo potsegulira ndi apa. Mapulogalamu ena amachita zimenezi, umboni woti n'zotheka. Kumene kulibe uthengawu, browser imangoti palibe intaneti, munthu n'kuloza chala kampani ya foni, mwinanso n'kugula bandulo ina pamene yoyamba idakalipo. Chete ameneyo sateteza mtolankhani aliyense.

Yankho lachiwiri limachokera ku maofesi. Kompyuta ya kuntchito si ya wogwira ntchito, ndipo bungwe lili ndi ufulu wolamula kuti deta yonse izidzera kwa ilo. Zida zochitira zimenezi zilipo poyera. Microsoft ili ndi Always On VPN. Cisco Secure Client, imene kale inkatchedwa AnyConnect, imalola akuluakulu a IT kuchotseratu mwayi wodula VPN ndiponso kusankha kuti ikalephera kulumikiza, intaneti ikhale yotseka. GlobalProtect ya Palo Alto Networks imawalola kukaniza kuzimitsa, kapena kulola pokhapokha munthu atalemba chifukwa kapena nambala yachinsinsi imene a IT amupatsa. Apa ndinene mosapsatira: ngati kompyuta ndi ya abwana anu ndipo batani lazimiririka, musavutike kufunafuna njira yozembera. Si vuto loti mukonze, ndi lamulo la pantchito, ndipo kulithyola kungakuchotsetseni ntchito. Imbani kwa a IT. Komabe ngakhale pano mfundo yanga siigwa, chifukwa chimene ndikupempha si ufulu wothyola lamulo koma kuuzidwa kuti lilipo. Batani lotuwa lopanda mawu limadyera anthu maola. Wogwira ntchito amene wafika pa loji, kumene Wi-Fi imafuna kuti ayambe watsegula tsamba lolowera, amatsekeredwa pakati: VPN siingalumikize asanalowe, ndipo sangalowe VPN isanalumikize. Mapulogalamu a makampaniwa ali ndi njira yothetsera zimenezi, koma imagwira bwino pokhapokha a IT ataikonza. Nkhani imakula pamene bungwe lapempha munthu kuika VPN yawo pa kompyuta yake yogula ndi ndalama zake, kapena pamene kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito yagulitsidwa isanachotsedwe malamulo a eni ake akale. Zikatero amene akulamula si mwini wake, ndipo nthawi zina ndi ofesi imene wogulayo sanaimvepo n'komwe.

Ena amati batani lozimitsira losavuta lingathandize vayirasi kuzimitsa chitetezo. Mfundo imeneyi ndi yofooka. Windows, Mac ndi Linux zonse zili kale ndi njira yofunsira chilolezo cha woyang'anira kompyuta asanasinthe chinthu chachikulu, ndipo batanilo likhoza kudzera pomwepo. Vayirasi imene yapeza kale mphamvu za woyang'anira siisowa batani. Imadziwa kumene kuli service kuposa mwini kompyuta. Kubisa pozimitsira kumasokoneza munthu mmodzi yekha, amene ali ndi ufulu wozimitsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chimene zonsezi zimadzala. Anthu akazolowera kuti VPN imatero basi, imayendabe kuseri ngakhale waitseka, mbava zimapeza pobisala. Mu 2015 zinadziwika kuti Hola, VPN yaulere imene inali ndi ogwiritsa ntchito mamiliyoni ambiri, inkagulitsa intaneti ya anthu akewo kudzera ku nthambi yake ya Luminati, kotero kuti alendo ankatulukira pa intaneti kudzera pa makompyuta a anthu wamba. Mu Meyi 2024 boma la America linalengeza kuti lagwetsa netiweki ya 911 S5 ndipo YunHe Wang, amene ankaganiziridwa kuti ndiye ankaiyendetsa, anamangidwa ku Singapore. Malinga ndi boma la America, netiwekiyi inakhudza maadiresi a IP oposa 19 miliyoni m'mayiko pafupifupi 200, ndipo inkafalikira kudzera mu ma VPN aulere a pa Windows monga MaskVPN, DewVPN ndi PaladinVPN, amene ena ankabwera atamatiriridwa ku magemu ndi mapulogalamu obedwa. Zigawenga zinkalipira kuti zichite zachinyengo zikuoneka ngati zili pa kompyuta ya munthu wosalakwa. Pofotokozera anthu mmene angadziwire ngati akhudzidwa, bungwe la FBI la boma lomwelo linawauza kuti atsegule Task Manager n'kufufuza mayina monga mask_svc.exe, kutanthauza service yoyenda kuseri, malo omwe aja amene VPN yachilungamo imakhala. Kwa munthu wamba, pulogalamu yomuteteza mouma khosi ndi pulogalamu yomudyera masuku pamutu zimaoneka chimodzimodzi: zonse zimakana kufa. Kwa wogwiritsa ntchito bandulo, kutayika kwake kumawerengeka m'makwacha, pakuti deta imene alendowo akudya ndi yake. Makampani achilungamo akanapanga mwambo woti kuzima ndi kuzima, pulogalamu iliyonse yotsalira kuseri ikanadziulula yokha.

N'zoona kuti mlandu wonse sungagwere opanga VPN okha. Opanga Windows nawo ali ndi gawo lawo. Poyerekeza, pa foni ya Android, zoti VPN izikhala yoyaka nthawi zonse ndi zoti intaneti itsekedwe VPN ikazima zili pamalo amodzi mu settings za foni, ndipo mwini wake amaziona n'kuzizimitsa. Apple inakankhira opanga VPN ku Network Extension, ndipo ambiri mwa mapulogalamuwa amaoneka pa mndandanda umodzi mu System Settings. Pa Windows, ma VPN ambiri ogula saoneka n'komwe pa tsamba la VPN la mu Settings. Kill switch zawo zambiri zimalemba malamulo mu Windows Filtering Platform, ndipo malamulowo saoneka pa windo la firewall limene anthu amalidziwa. Wofuna kuwaona amalemba netsh wfp show filters, n'kulandira fayilo yaitali ya XML imene ngakhale katswiri amayamba wapuma kaye asanaiwerenge. Palibe chifukwa chomveka choti kompyuta ikhale yosatha kuuza mwini wake, m'chiganizo chimodzi, dzina la pulogalamu imene yamutsekera intaneti. Koma kulephera kwa Microsoft sikupatsa opanga VPN mpata wosamba m'manja. Amene waika lamulo ndiye akudziwa pamene waliika, ndipo kulemba kachida kamodzi kobwezeretsa zonse, kogwira ntchito popanda intaneti, si ntchito yoposa imene anagwira popanga mapu okongola aja.

Poyembekezera kuti asinthe, mphamvu imene ogula ali nayo ndi yosankha. Anthu amayesa VPN poona liwiro lake ndi kuchuluka kwa mayiko ake, koma ndi ochepa amene amayesa mmene imazimira, ngakhale makampani ambiri amapereka masiku oyesera kapena obwezera ndalama. Mayesowo ndi osavuta. Lumikizani, dinani Disconnect, onani ngati adiresi yanu ya IP yabwerera kwanu. Lumikizaninso, zimitsani kompyuta VPN ili yoyaka, muyatse, muone ngati ikukuuzani chimene chikuchitika kapena yangokusiyani mumdima. Tsekani pulogalamuyo muone mu Task Manager chimene chatsala. Sungani fayilo yoikira pulogalamuyo pa fulashi tsiku loipa lisanafike. Okonza makompyuta nawonso asinthe funso lawo loyamba: kasitomala akabwera ndi kompyuta imene Wi-Fi yake ikuoneka yolumikiza koma masamba sakutseguka, afunse ngati munali VPN asanatchule zofomata, chifukwa kufomata kumatha tsiku lathunthu ndipo kumaika mafayilo a munthu pangozi pofuna kuchotsa lamulo limodzi. Ndipo VPN imene mwaichotsa koma yasiya adapter yake mu ncpa.cpl ndi service yake ikuyendabe, musailipirire chaka chathunthu.